Mphuno Zanga Sizinamve Utsi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Dedzako. Kuno ku Chikangawa tilipo, koma mphuno zanga zija zikadali zotseka, mamina osaleka. Kuchipatala akuti si chimfine, mwina ndi fumbi la matabwa ndi kuzizira kwa kuno.

Loweruka masana ndinkasita zovala pabalaza, mwana wanga Tadala ali m'tulo kuchipinda. Mayi woyandikana nane nyumba analowa akukuwa m'Chitumbuka, "Mama, moto! Mukupulika yayi?" kutanthauza kuti, "Simukumva?" Chitenje chinali chitagwera pa mbaula, pafupi ndi mphasa ya mwanayo. Ine fungo la utsi sindinalimve n'pang'ono pomwe.

Motowo tinauzimitsa ndipo Tadala sanapse. Chonde uzani amayi abwere adzakhale nane. Ndikuopa kutsala ndekha ndi mwana wanga yemwe.

Mulungu akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati