Kanjedza wa ku Joni

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji? Miyendo ija inaleka kutupa?

Kuno tilipo ndithu. Esinati, chitsiriza wanu uja, wachira ku Mzuzu. Mwana ndi wamkazi ndipo am'tcha dzina lanu. Sindinapite kukamuona, ndangomuonera pa foni, koma chipumi chija ndi chanu, chotuluka ngati chikufuna kuyambitsa mkangano. Chinangwa chaka chino chachita bwino, kungoti ndikudya ndi anyani. Usipa kumsika wakwera mtengo moti munthu umagula uku ukudandaula chamumtima.

Koma nkhani imene ndakhalira pansi ndi ya kanjedza wanu wa ku Joni. Ndam'samutsa, Amayi. Musayambe kukalipa, mumve kaye.

Nyanja inadzaza kuposa m'mene inu munaionerapo. Inadya mchenga wonse wa kumunsi kwa nyumba yathu ku Chikale, inagwetsa mpanda, kenako inalowa pabwalo. Ine ndinathawira kumtunda, m'kanyumba ka lendi kuseri kwa tchalitchi. Mtengo wanu unatsala wokha m'madzi. Masamba aja olimba ngati chipeso anayamba kuchita chikasu, kuyambira am'munsi. A Chirwa, aja amasamalira maluwa pa loji, atauona anapukusa mutu. Anati mtengo wamtunduwu sugwirizana ndi madzi odikha, mizu imaola, ndiye ndikazengereza ndiupeza utafewa ngati papaya.

Ndinapita kudoko kukapempha amuna onyamula katundu. Atamva kuti katundu wake ndi mtengo anaseka. Atauona, kuseka kunatha. Inu mukuudziwa: msinkhu umangondifika m'chifuwa, koma thunthu lake, mayo ine, kulemera kwake! Tinakumba mozungulira, patali ndithu, kuti mizu ichoke ndi dothi lake, n'kuikulunga m'ziguduli. Tisanauzule ndinamangirira kansalu mbali imene imayang'ana kudoko, kuti kumtundako ukayang'anenso komweko. Anaupachika pa mitengo iwiri ya bulugamu n'kuusenza pamapewa, akupumira pa chitunda chilichonse, ine ndili pambuyo ndi khasu. Mayi wina anatuluka m'nyumba akumanga chitenje, kufunsa kuti wamwalira ndani.

Chimene chinandiwawa ndi masamba. A Chirwa anati ndiwadule, chifukwa mizu yovulala singathe kuwamwetsa onse. Ndinadula ndekha, ndi chikwanje chanu chija, n'kusiyako ochepa pamwamba. Nawonso anauma. Lero mtengo wanu waima pakhomo uli mbee, ngati mutu wometa mpala. Mukanakhalapo mukanandithamangitsa ndi tsache.

Ndikaukhalira pafupi ndimakumbuka tsiku limene unabwera. Ada, bambo athu, anatsika nawo m'sitima uli m'kachitini ka jamu, kamwana ka mtengo kamene anazula m'dimba la mzungu amene ankam'gwirira ntchito ku Joni. Anakhalako pang'ono, anabwerera ku Joni, makalata anayamba kubwera mwa apo ndi apo, kenako zii. Inu munaubzala poyang'ana kudoko. Ukaphuka masamba atsopano, onse pamodzi, ofewa, munkatiitana: “Bwerani muone, ada anu akupuma.” Ukadumpha chaka osaphuka, chakudya chinkakukanikani. Ine ndi sukulu yanga ndinkakusekani. Ndinkati, “Ama, mtengo ungadziwe bwanji za ku Joni?” Inu osakwiya. Munkangoti, “Seka, udzabereka udzaona.”

Ndaona, Amayi.

Yotamu, mdzukulu wanu, mwana wanga yekhayo, anapita ku Joni titangomanga chiliza chanu. Poyamba ankaimba Lamulungu lililonse ndikaweruka kutchalitchi. Ankandiseka kuti ndimakuwa pa foni ngati ndikuitana bwato. Ndiye nthawi yomwe ija madzi ankalowa pabwalo, nambala yake inasiya kulowa. Anzake obwera pa basi ndimawatsata mpaka kwawo. Wina akuti anasamukira ku Kepitauni, wina akuti anamuona akugulitsa zipatso, ena amangoyang'ana pansi n'kundifunsa za mvula. Tsopano ine, amene ndinkakusekani uja, ndimadzuka m'mawa ndisanasukusule n'komwe, kukwera pa njerwa, kukasuzumira pamutu pa mtengo.

Ndikanakhala ndi chochita zikanapepuka. Koma a Chirwa anandiletsa kuuthirira kawirikawiri, akuti ndingaupherepo. Pang'ono chabe, dothi likauma. Dzenje tinasakaniza ndi mchenga, tinaunjika kachulu kuti madzi asamadikhe, ndinaumangira kamthunzi ka udzu chifukwa dzuwa la kumtunda kuno ndi loopsa. Basi, ntchito yathera pomwepo. Akuti mitengo imeneyi ikasamutsidwa imatha kukhala duu mpaka mvula ina, ili moyo koma osaonetsa. Tangoganizani, munthu wozolowera kusamala nyumba yodzaza, kundiuza kuti ndizingoyang'ana! Ndimatunga madzi, ndimafika nawo pamtengopo, n'kukawathira pa mpiru. Mpiru wanga wanenepa kuposa wa aliyense kuno, koma wodya nane palibe.

Ndasungulumwa, Amayi, sindibisa. Kuno kumtunda anthu ndi abwino, amandipatsa moni, koma palibe amene anakudziwani muli mtsikana, palibe amene anamuona Yotamu akukwawa pansi pa masamba aja inu mukum'bweza kuti angabayidwe m'maso. Amene anaona zonsezo ndi mtengowu, nawonso wangoti chete. Masana ndimautsina thunthu kuti ndimve ngati lafewa. Likadali lolimba.

Dzulo ndinaona kaubweya kofiirira katatukuka pakati penipeni. Ndinathamanga kukaitana a Chirwa, nsapato imodzi ndinaisiya panjira. Anayang'ana nthawi yaitali. Akuti mwina ndi masamba akubwera, mwina ndi ubweya wakale womwe uja, tidikire. Foni ndiye sinalire.

Kodi Ada munawapeza kumeneko? Ngati munawapeza, muwafunse chaka chimene anafika, muwerengere ndi zaka zija mtengo unkaphuka. Ndikufuna kudziwa ngati unkanena zoona.

Koma chopempha changa chenicheni ndi ichi. Yotamu akatulukira kumeneko, musamulandire. Ndikukudziwani, inu mlendo simubweza, mwina mwayamba kale kufunafuna mphasa. Ameneyo ayi. Musamuyalire, musam'patse ngakhale madzi akumwa. Mum'kalipire ngati mmene munkachitira akatsikira kunyanja yekha, m'bwezeni. Mumuuze kuti amake anasamuka, akafika asatsikire ku Chikale, akapeza madzi okhaokha. Akwere chitunda cha kuseri kwa tchalitchi. Pakhomo akaona mtengo wa agogo ake, wopanda masamba, ndi kansalu kofiira.

Ine ndikukulonjezani kuti sindiuzulanso. Uphuke, usaphuke, ukhala pomwepo, kuyang'ana kudoko, ndipo ine ndikhala pambali pake.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Jesina