Adona Ayenda Loweruka

Lamulungu, 7 Julayi

Achimwene abwera ndi munthu wawo uja wofuna kugula Adona. Jekete lachikopa, makiyi akuzungulira pachala. Wazungulira Adona kawiri, kumenya tayala ndi nsapato ngati akusankha mbuzi pamsika. Akuti achotsa injini, adula denga, awaike pakhomo pa bala yake anthu azijambulitsapo. Adona! Galimoto ya bambo ya zaka makumi asanu ndi limodzi, imene malemu mayi ankaitchula kuti mkazi mnzawo.

Bambo ali pawindo, pachikuku chawo. Aona zonse. Chiwagwirireni sitiroko chaka chatha mawu palibe, mbali yakumanja yonse inafa. Koma maso ndi amoyo.

Ndakalipa mpaka mawu kusasa. Achimwene akuti galimoto yosayenda ndi chitsulo basi, galajayo akufuna alowemo wa lendi. Mapeto ake tagwirizana chonchi: ulendo wa pachaka wa kalabu ya magalimoto akalekale uli pa 20. Adona akakafika kubwalo la kalabu ndi injini yawo, osakokedwa, osakankhidwa, akhala. Akalephera, wajekete adzawatenge Lolemba lake.

Masiku khumi ndi atatu. Ine telala, wodziwa singano ndi bobini. Ayenda basi.

Lachiwiri, 9 Julayi

Ndalemba pagulu la pafoni la kalabu. Madzi a tiyi asanawire, mayankho makumi awiri. Masana abwera awiri.

A Sipanala, makanika wopuma ntchito. Mimba patsogolo, msana wowawa, nthabwala zosatha. Ndi a Bukhu, oyendera magalimoto a kalabu, owonda ngati waya, buku la galimoto lokutira m'pulasitiki lili kukhwapa. Sindinawaonepo alibe bukulo.

Nkhani ya a Bukhu ndimaidziwa kuyambira kale. Bambo ndi amene anayambitsa kalabuyi, nchifukwa chake Adona ali ndi kachitsulo kolembedwa 1 patsogolo, ndipo amatsogolera mzere chaka chilichonse. Lamulo lalikulu analikhazikitsanso ndi iwo: galimoto ikapezeka ndi kanthu kosalembedwa m'buku lake, ngakhale kabawuti, ikhale kumapeto kwa mzere. Woyamba kugwa nalo anali a Bukhu. Galasi lam'mbali silinali lenileni. Bambo anawayalutsa pamaso pa onse. Lenilenilo mpaka lero silinapezeke, ndiye zaka khumi ndi chimodzi akudya fumbi la anzawo kumbuyo. Koma ndi iwo afika oyamba lero. Zandigwira mtima.

Batire latsopano. Sitata ikuzungulira bwinobwino, khe-khe-khe-khe, kenako zii.

Awiriwo apita kukapereka moni pawindo. Bambo atembenukira kukhoma. Ndawapepesera, ndati amachita manyazi ndi dovu.

Lachinayi, 11 Julayi

Mapulagi ndapala ndekha, a Sipanala akundiuza pafoni. Moto ulipo. Wandimenya pachala, ndalumpha ngati mwana.

Vuto: petulo sakufika ku kabuleta. Pouma gwa. A Sipanala akuti pampu, alumbira pali malemu amayi awo.

Ndakhala pampando wa dalaivala koyamba m'moyo wanga. Bambo sankalola munthu, ngakhale achimwene. Fungo la chikopa ndi polishi. Ndakumbuka m'mene ankachitira tikafika pakhomo: azimitsa injini, ife tituluke, iwo awerame kaye kumanga zingwe za nsapato. Tsiku lililonse. Mayi ankati, «Nsapato za bambo anu zimamasuka zikangoona geti.» Ndalira pang'ono. Ndapukuta chiwongolero ndi nsalu.

Mipando yakumbuyo makoswe anaiboola. Iyo ndiye ntchito yanga, palibe wondiuza.

Loweruka, 13 Julayi

Theka la kalabu pakhomo! Magalimoto asanu ndi anayi ndondondo mumsewu wathu, ofiira, obiriwira, ina yamapiko kumbuyo. Aneba onse panja, mafoni m'mwamba. Wina wabweretsa pampu, wina jeke, mayi wina wa galimoto yachikasu wabweretsa mabokosi awiri a mabawuti osanjidwa ngati mankhwala. Makapu anandithera, ena amwera tiyi m'mabotolo a jamu.

Anthuwa kukangana! Ola lathunthu pa kawasha kamodzi ka pabawuti. Wina akuti kamkuwa, wina akuti ayi, chaka chimenecho anali atasintha. Ndati abale, Adona akufuna petulo, osati msonkhano. Aseka, apitiriza.

Pampu yalowa. Khe-khe-khe. Zii.

A Sipanala auzira mpweya m'paipi mpaka maso kufiira. Yatsekeka. A Bukhu atsegula buku paboneti, chala pachithunzi: paipi ichoka kuthanki, idutsa pansi pa galimoto, ifika kupampu, pakati palibe kanthu. Ndiye kuti dzimbiri la m'thanki latseka njira. Onse avomera. Pansipo paipi imabisala kuseri kwa chitsulo chowotcherera, siioneka yonse.

Ine ndinafunsa, mwaulemu ndithu, kuti kodi sizingatheke kuti bambo anaikapo kenakake kawokawo panjirapo? Kuseka kwake! Mpaka wina kutsamwa tiyi. A Bukhu anati, «Mwana wathu, bambo anuwa? Munthu amene anandiponya kumbuyo chifukwa cha galasi? Galimoto iyi ndiye buku lenilenilo.» Ndinachita manyazi, ndinakatsuka makapu.

Bambo tsiku lonse katani yotseka. Aitseka okha ndi dzanja lamanzere.

Lolemba, 15 Julayi

Kushopu. Mayunifomu makumi atatu akundidikira, ine mutu uli kugalaja. Mayi wina wanunkhiza diresi lake n'kundifunsa ngati ndayamba kugulitsa petulo. Zikhadabo zakuda, sopo wakanika.

Madzulo a Sipanala andiphunzitsa pagalimoto yawo, pabwalo la mpira. Laisensi ndili nayo, koma magiya a magalimoto amenewa ali pachiwongolero, osati pansi. Kilachi yolimba ngati pedulo ya makina odzimbirira. Ndazimitsa kasanu ndi kawiri. Akuti, «Musamakangane nayo, muziipempha.» Kachisanu ndi chitatu ndazungulira bwalo lonse.

Mwendo wamanzere ukuwawa mpaka pano.

Lachitatu, 17 Julayi

Thanki atsitsa dzulo. Anthu anayi, a Sipanala akulamula ali chiimire chifukwa cha msana. Atsegula, aunika ndi tochi. Mbee! Ngati mbale yotsuka. Dzimbiri ngakhale kadontho. Onse kukamwa yasa.

Ndiye akuti paipi yonse ichotsedwe, ipindidwe ina. Wopinda mapaipi akuti mkuwa wa saizi imeneyo ufika sabata yamawa. Sabata yamawa Adona adzakhala alibe denga.

A Sipanala andikokera pambali. Akuti timange kachigubu ka petulo m'boneti, kapaipi kapulasitiki, tikafika basi. Ndaganiza, sindinama. Koma chigubu pambali pa injini yotentha, bambo ali m'katimo, munthu woti sangathe kutsegula chitseko n'kuthawa? Ayi. Ndipo popanda bambo ulendowo ngwachiyani?

A Bukhu akhala m'galaja mpaka dzuwa kupendeka, kutembenuza masamba omwewo. Andipepesa ngati olakwa ndi iwo.

Mipando ndamaliza. Ulusi wofiirira, msoko wapawiri ngati wakale. Kaya akhalapo ndani.

Sindigwa mphwayi. Ndalemba kuti ndiziwerenge mawa.

Lachinayi, 18 Julayi

Wajekete wabweranso, lero ndi tepi. Kuyeza Adona kutalika, kuti akakonzeretu malo. Kuimba likhweru m'galaja mwa bambo! Ndamuuza kuti Loweruka silinafike, atuluke. Achimwene akuti ndisachite mwano. Ndati mwano ndi kuyeza munthu bokosi akupuma.

Katani inali yotsegula. Tepi ija bambo aiona.

Chakudya akana, masana ndi madzulo omwe. Mankhwala alavula. Ndawagwira dzanja, akungoyang'ana kugalaja, nsagwada zikugwedera ngati mawu akufuna kutuluka. Ndawauza kuti ndayesetsa. Andifinya chala mpaka kuwawa.

Lachisanu, 19 Julayi

Ndilembe ndisanaiwale.

M'mawa achimwene anabwera kudzatenga mapepala a galimoto. Bambo anandikoka malaya, kuloza kugalaja, kukoka, kuloza. Tinati akufuna kutsanzika. Tinawakankha pachikuku mpaka pachitseko cha Adona. Akumenya mpando wa dalaivala ndi chikhatho. Tinawanyamula awiri, kuwakhazika. Opepuka ngati mtolo wa nsalu, bambo anga.

Sanagwire chiwongolero. Anawerama. Ndinaganiza kuti akugwa, ndinawagwira phewa, anandikankha. Anawerama ngati akumanga nsapato.

Dzanja lamanzere pansi pa mpando, kukanda kapeti, mphamvu palibe. Anagwira dzanja langa n'kulilowetsa. Kapeti ili ndi kachivindikiro kodulidwa bwinobwino. Pansi pake kanthu kozizira. Kampopi! Kampopi kamkuwa, konga ka pamgolo wa madzi, kolumikiza papaipi ya petulo. Kotseka.

Ndinakapotokola. Ndinadikira. Ndinatambasula dzanja n'kupotokola kiyi, phazi langa pamoto pambali pa phazi lawo lakufalo. Khe-khe-khe. Kachiwiri. Kachitatu Adona anatsokomola, kutsokomolanso, kenako vuuu! Utsi galaja yonse, zitini zikugwedera pashelefu. Achimwene anathawira panja akuti utsi wawalowa m'maso. Utsi wake umenewo, mpaka mamina?

Ndiye zingwe za nsapato zija! Zaka zonsezi. Anakaika nthawi imene mbava zinkaba magalimoto m'dera lathu, ine ndili kupulayimale. Wakuba ailize, ayende pang'ono, izime. Ndipo sanauze munthu, ngakhale mayi, chifukwa m'buku mulibe.

Ndinawakalipira, Mulungu andikhululukire. Ndinati bambo, masiku khumi ndi awiri! Anthu atsitsa thanki, a Sipanala atsala pang'ono kuphulika mapapo, inu mukudziwa, mwangotseka katani! Kuopa a Bukhu? Manyazi anapha lambe! Anangoyang'ana pansi, misozi ikutsika tsaya limodzi. Kenako ndinawakumbatira, injini ikulira.

Pagulu ndalemba kuti Adona adzuka, basi. Mafoni osaleka. A Sipanala akuti inali pampu, ankadziwa. Ndawasiya.

Kapeti ndabwezeretsa bwinobwino. A Bukhu sayang'ana pansi pa mipando. Palibe adziwe. Nambala 1 ndi ya bambo.

Bambo adya mbale yonse.

Loweruka, 20 Julayi

Kubwalo la kalabu. Ndikulemba kope lili pachiwongolero, tikudikira kunyamuka.

Tafika ndi injini yathu. Yazima kamodzi pamphambano, wa lole kumbuyo hutala mpaka kutukwana. Ndaipempha, yavomera. Bambo pambali panga, jekete la kalabu, tayi ndawamanga ndine. Achimwene kumbuyo pamipando yanga, chikuku m'buti. Polowa pageti anthu m'manja, mahutala onse pamodzi. Achimwene aimbira wajekete pomwepo kuti akapeze china choika pabala pake. Ndamva ndi makutu anga. Adona akhala.

Atiimika patsogolo, malo a nambala 1. Kenako kuyendera. A Bukhu ndi buku lawo, magalimoto onse mmodzimmodzi, ife omaliza kutiona. Boneti, magetsi, magalasi. Zonse bwino. Akutseka buku, ine mtima pansi.

Bambo awagwira mkono.

Ndinati bambo, siyani. Sanandiyang'ane n'komwe. Akoka mkono wa a Bukhu kudutsa pa miyendo yanga, kuloza pansi pa mpando. Ndatuluka. A Bukhu agwada, alowetsa dzanja. Akhala chogwada nthawi yaitali. Anthu ayamba kuunjikana. A Sipanala asuzumira, agwira pakamwa, akakhala pabampala ya mnzawo.

A Bukhu adzuka, asasa mawondo. Atsegula buku, ayang'ana chithunzi chija, ayang'ana bambo. Bambo akweza dzanja lamanzere, chala chachikulu kuloza kumbuyo kwa mzere. Okha. Lamulo lawo lomwe.

Ena amati zisiyeni, munthu wadwala, ndi mwini kalabu. Inenso ndinatsegula pakamwa. A Bukhu akana. Akuti kuwakhululukira lero ndiye kuwauza kuti anatha. Alengeza kuti nambala 1 yapezeka ndi chinthu chosalembedwa m'buku, ipite kumapeto.

Ndabwerera cham'mbuyo mzere wonse, magalimoto khumi ndi asanu ndi awiri, thukuta kamukamu, osagunda ngakhale imodzi. Kumapeto ndapeza galimoto ya a Bukhu ndi galasi lake lija. Aisuntha kutipatsa malo patsogolo pawo. Abwera pawindo la bambo, avula chipewa. Anati, «Takulandirani kuno kumbuyo, akulu. Fumbi lake muzolowera, mungotseka magalasi. Ine ndakhala ndekha zaka khumi ndi chimodzi, ndinasowa wocheza naye.»

Bambo aseka. Kukamwa kopotoka, dovu patayi, phokoso ngati sitata ya Adona, koma kuseka ndithu. Chaka ndi miyezi itatu ndisanakumve. A Bukhu nawonso, mpaka buku kugwa pansi osalitola.

Akutsogolo ayamba kusuntha. Fumbi lafika kale. Magalasi bambo akukana kutseka. Akundigogoda bondo, kuloza pansi pa mpando ngati sindikudziwa. Katseguka bambo, ndakatsegula ndekha. A Bukhu hutala kumbuyo. Kilachi pansi, giya loyamba ndikokere kwa ine kenako m'mwamba, kuipempha osati kukangana nayo.