Chaka Chino Sitikolola Kiwi

Te Puke,
14 Disembala 2023

Okondedwa achemwali anga a Mereana,

Ndikhulupirira kuti inu ndi alamu muli bwino ku Perth kumeneko, ndiponso kuti bondo lija lasiya kuvuta. Kuno tilipo. Ndati tilipo, koma pakhomo pano tatsala ine ndi galu basi.

Paja mudamva kuti mu Febuluwale mtsinje udasefukira, madzi n'kukhazikika m'munda wa zipatso za kiwi umene adatisiyira malemu bambo athu. Ataphwa, mitengo inkaoneka yabwinobwino, moti mu Meyi tidakolola ndithu. Chisanu chitatha idaphukiranso, maluwa kuchita kuyera mbee pansi pa mawaya amene mitengoyo imayangapo. Mwana wanga Tipene adafika povina m'mizeremo, nsapato zili matope okhaokha. Chimwalirireni bambo ake ndidali ndisanamuone atasangalala chotero.

Koma ine masamba sadandikhutiritse. Adali ang'onoang'ono, ndipo dzuwa likangowomba ankafota. Ndidaitana mlangizi wa kumene timapakitsa zipatso, mayi wofatsa dzina lake Kirsty. Adakumba pafupi ndi tsinde natulutsa mizu yakuda, yonunkha ngati mbatata yowola. Adatifotokozera kuti mtengo wa kiwi umasunga chakudya m'mizu ndi m'tsinde, ndipo ndi chimenecho umaphukira nacho masamba asanayambe kuudyetsa. Maluwa onse aja adatuluka pa chakudya cha chaka chatha. Tsopano chatha, ndipo mizu yoti isunge china idafa yambiri. Tikaisiya mitengoyo ibereke, zipatso zidzayamwa kotsalako, chaka chamawa tidzapeza nkhuni. Adati tigwetse zipatso zonse zikadali zazing'ono, ndipo tisayerekeze kucheka khungwa.

Kucheka khungwa ndi kuja timalemba mpeni mozungulira tsinde kuti shuga asatsikire kumizu, azinenepetsa zipatso. Ndi ntchito imene Tipene amainyadira kwambiri, ndipo mipeni adali atanola kale.

Tili pa chakudya adayamba mwaulemu, kenaka mawu adakwera. "Amayi, mitengo yabereka yokha, inu mukuti tigwetsere pansi? Ndiye chisanu chonse chija ndinkadulira nthambi zala zili gwa chifukwa chiyani?" Ndidamuuza kuti ndi bwino kutaya zokolola za chaka chimodzi kusiyana ndi kutaya munda. Iye adati anzake onse ali kumigodi ya kwanuko, iye yekha ndiye akukalambira pano kudikira mizu. Kenaka adati, "Inu mumasamala mitengo ya agogo kuposa anthu amoyo."

Achemwali, mukundidziwa pakamwa. Ndidamuyankha kuti ngati ndi choncho, chipata chathu sichikhala chokhoma. M'mawa mwake ndidapeza galu atadyetsedwa kale, chikwama chake palibe. Adangonditumizira uthenga pafoni kuti wakwera ndege.

Tsono zipatso ndikugwetsa ndekha. Ndi zazing'ono ngati mazira a nkhunda, zaubweya, zolimba, zopanda chilema chilichonse. Tsiku lonse manja ali m'mwamba, khosi kuwawa, ndipo chimene chimamveka ndi kugwa kwake pa udzu basi. Nthawi zina ndimapezeka ndikuuza galu za nyengo.

Sabata yatha anansi athu a Gurdev, a munda wakumtunda aja, adatulukira pampanda. Adandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka adati, "A Ripeka, anthu timathyolera m'mabokosi, inu mwayamba kuthyolera nyongolotsi? Zikulipirani bwanji?" Ndidaseka, koma kusekako kudathera m'misozi. Iwo adangovula jekete n'kutenga mzere wina, ndipo madzulo akazi awo adatumiza mphika wa mphodza zatsabola. Amabwera akapeza mpata, komatu nawonso ali ndi munda wawo.

Dzulo Kirsty adabweranso kudzakumba. Mizere yakumunsi, ya kufupi ndi mtsinje ija, yapita. Ndi imene bambo adayamba kubzala, inu muli kusekondale. Koma chakumtunda adapeza timizu tatsopano, toyera ngati ulusi. Akuti ndisafulumire kukondwa, tidzaona pophukira chaka chamawa. Ndidatijambula pafoni kuti ndimutumizire Tipene, koma chithunzicho chikadali momwemo.

Khirisimasi ino musavutike kutumiza kanthu. Ndikadya kwa azakhali ku Maketu ngati miyendo ilola.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa ana onse, makamaka kamdzukulu kanu katsopano kamene sindinakanyamulebe. Ndikudziwa kuti ku Perth Tipene alibe khomo lina loti n'kugogoda koma lanu. Sindikufunsa ngati ali kumeneko, ndipo musandiyankhe ngati adakupemphani kuti musanene. Koma akafika, mumuikire chakudya chambiri ngakhale akane, amachita manyazi kupempha china. Akafunsa za munda, mumuuze zonse. Akapanda kufunsa, mungomuuza kuti galu ali bwino.

Ndine mng'ono wanu,
Ripeka