Chitenje Changa pa Letesi

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Etwatwa tilipo, chifuwa cha Chisomo chinatha, koma dzuwa la Disembala latiwamba.

Imvani za bambo a Chisomo. Anabwera ndi mbande za letesi kuchokera kwa mzungu wawo ku Benoni, n'kudzala kuseri kwa kanyumba kathu ka malata. Zitayamba kufota, anati amange kachisakasa ngati ka nazale ya fodya kumudzi. Udzu akaupeza kuti kuno? Lamulungu pochokera kutchalitchi ndinapeza chitenje chija munanditumizira chili pamwamba pa timitengo, atachiboola m'makona monse n'kumanga ndi waya!

Nditafunsa, iwo akuti, "Mayi a Chisomo, letesi ndi wosalimba, safuna dzuwa."

Nanga mpiru wa mbewu za amayi, womwe uli pambali pomwepo? Wapserera, palibe anauphimba. Letesiyo wakuladi, koma m'nyumba muno palibe amene amadya masamba osaphika. Iwo omwe analawa tsamba limodzi n'kulavula.

Mulungu akusungeni nonse. Chonde, a Phiri a kumudzi aja akamabwera kuno pa basi, muwapatsire mbewu za mpiru ndi chitenje china. Chimenecho ndizigona nacho m'chiuno.

Ine mng'ono wanu,
Esinati