Ng'ombe za Sitandade 5

Lolemba, 9 Juni 2025
Ine Cedric, wothawa sukulu ndili sitandade 7, lero ana akundilonjera kuti "Mwadzuka bwanji aphunzitsi." Madamu Loyce andiitana kuti ndiziwathandiza phunziro la zaluso, poti ndimalemba zikwangwani pa Lizulu. Ati ndikachita bwino, mapu a pakhoma la sukulu ndijambula ndine. Khoma lonse, dzina langa m'munsi. Ndalifuna khomalo.

Lachitatu, 11 Juni
Kuumba ng'ombe zadongo. Makolo adzaziona Lachiwiri likubwerali. Ya Nathan ngati galu wodwala, ndamuuza, kalasi yonse kuseka. Yamikani, kamwana kosayankhulayankhula, waumba nkhunzi yoti mpaka ndachita nayo nsanje. Ana onse azipatsa mayina.

Lachinayi, 12 Juni
Madamu akuti ziume pamthunzi kaye. Nzeru za m'mabuku. Amalume akuotcha uvuni wa njerwa mawa, ndikaziikamo zilimbe ngati mwala. A Janeti oumba miphika andiona ndi katoni pamutu. "Zanyowatu izo, mwana iwe." Ndawayankha kuti ng'ombe si mphika, mayi.

Lolemba, 16 Juni
Zinaphulika. Zonse. Amalume ankayesa wina akuwombera mfuti. Mwatsala nyanga ndi timiyendo.
Madamu sakudziwa. Dzulo tsiku lonse kudambo, kuumba zina ndekha. Zabwino kuposa zawo zija, kunena zoona. Ndazipaka penti kubisa kunyowa. Mwana angadziwe chiyani, dongo ndi dongo.

Lachiwiri, 17 Juni
Makolo atakhala pamabenchi, Madamu anati mwana aliyense atenge yake. Palibe anatenga. Angoima, kuyang'ana thebulo. Ana akuno amatha kuloza ng'ombe ya kwawo ili kutsidya kwa dambo, ine n'kuiwala zimenezo.
Nathan: "Yanga inali yonyasa. Ili kuti?"
Yamikani wazitembenuza imodziimodzi mpaka yomaliza. Sanalire. Wangopukuta penti pakabudula n'kukakhala pansi. Bola akanalira.

Lachisanu, 20 Juni
Khoma apatsa Cyprian wa ku Tsangano, munthu amene amalemba S chagada. Madamu sanakalipe. Angoti dongo likufunika Lolemba, ndowa ili kuseri kwa ofesi.
Ndakumana ndi Yamikani pamjigo. Ndamulonjera bwinobwino, mpaka kumutchula achimwene. Wati ndikamapita kudambo ndimutenge, dongo ndimasankha loipa.