Chala Chachitatu pa Bango

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji? Miyendo ija inasiya kutupa? Kuno tilipo, kungotopa.

Ndiyambe ndi manyazi anga, poti nkhani zotere munkazikonda. Sabata yathayi ndili m'kalasi ndinamva njinga yamoto ikudutsa pasukulu kulunjika kwathu. Nditasuzumira ndinaona kuti ndi a Matiki, bambo aja oyendera olumala, amene munkawapatsa kathumba ka mpunga akabwera kudzaona mwendo wa Esnati. Pakaliyala anali atamangapo phukusi lalitali. Mtima unandiuza kuti chitsulo chatsopano cha mwendo wa mdzukulu wanu chafika. Ndinasiya ana ali pakati pa samu, ndinathamangira kunyumba, ndinauza mpongozi wanu kuti agwire tambala, ndinavala tayi, n'kuyamba mawu othokoza, ena a m'Chingerezi, anansi ataima pampanda. A Matiki ndi munthu waulemu, anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anamasula phukusi lija. Munali pampu yopopera matayala, atayikulunga m'bulangete. Apo n'kuti tambala atafa kale. Ndinachita kukumvani mukuseka, ndi mawu anu aja akuti, "Iwe Wilisoni, sukulu inakuchulukira."

Esnati akukhala ndi ife chichokereni inu, poti kuchokera kwa amayi ake kufika kusukulu n'kutali. Wakula, Amayi, simungamuzindikire. Chitsulo chimene munamusiya nacho sichinakule nawo. Popindikira pake pakugwera m'munsi mwa bondo, chikopa cha m'mwamba chinamucheka mpaka chilonda. Anachivula yekha n'kuchikoleka pamsomali. Tsopano ndimamukweza panjinga m'mawa uliwonse, ndipo zikutheka chifukwa kunja n'kouma. Koma njira yathu mukuidziwa mvula ikagwa, makande ake amavula munthu nsapato, njinga imasanduka katundu. Ndinamuuza kuti ndizidzamubereka monga munkachitira inu. Anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Akuti iye si khanda, kusiyana n'kuti anyamata a m'kalasi amuone ali kumsana kwa amalume ake, kuli bwino asiye sukulu. Chaka chamawa ndiye cholemba mayeso a sitandade eyiti, ndipo mutu wake ndi wabwino kuposa wanga, ngakhale izi musamuuze.

Tikudya tambala uja, a Matiki anatifotokozera chimene chachedwetsa chitsulo. Kale ndalama za ntchito yawo zinkabwera za chaka chonse, zolembedwa dzina lake. Ankagula zitsulo ndi zikopa kamodzi, galimoto n'kumazungulira midzi, kuyeza ana lero, mwezi wamawa kubweretsa. Tsopano akuti kwabwera kashi bajeti. Ndalama zikutuluka mwezi ndi mwezi, molingana ndi zimene boma latolera, ndipo za olumala anaziphatikiza m'thumba limodzi ndi zina. Ayambe achotsa malipiro, magetsi, madzi, ndiye zotsalazo zigule chitsulo. Miyezi yambiri sizitsala. Sangaitanitse kanthu pangongole, n'koletsedwa. Chaka chikatha mwana asanalandire, dzina lake limayambiranso kumchira. Esnati anamuyeza chaka chatha, koma mwendo umene anayezawo kulibenso, wapita ndi kukula. Ndiye anabwera kudzayezanso.

Ine za bajeti ndinaziphunzira ku koleji, ndinkakhoza bwino. Ndinayesa kuwauza kuti nzeru yake si yoipa, munthu asadye chimene sanakolole. Anavomera. Anangondifunsa ngati mwendo wa mwana nawonso umadikira kuti msonkho utoleredwe. Ndinatola fupa n'kumaliguguda.

Bulangete lija ndinalimvetsa madzulo. Petulo amene anawapatsa anali wofikira kuno basi, wobwererera kwawo akuti atumiza ndalama zikatuluka. Choncho mlendo wa tsiku limodzi anagona, n'kugonanso, mpaka Lamulungu tinapita naye kutchalitchi, anthu n'kumafunsa ngati ndi achimwene a mpongozi wanu. Si munthu wovuta. Anakonza chitseko cha kukhitchini, anaphunzitsa ana bawo. Koma amadya, Amayi. Amadya ngati munthu amene kwawo ndiwo zimatulukanso mwezi ndi mwezi. Mpongozi wanu anangoyamba kuika mbale pansi mwamphamvu.

Ndisaiwale zina. Mlongo wanga Felesiya anachira kwa mwana wamkazi, tinamutcha dzina lanu. Ali ndi mphumi yanu, amaliranso molamula. Mpunga chaka chino sitinapate, dambo linauma usanabereke, timatumba tochepa tokha. Nyanja ndiye inathawa. Pamene munkagula matemba pali ming'alu yolowa phazi, mabwato agona chafufumimba ngati ng'ombe zakufa, anthu akupita kuchilumba wapansi. Che Amidu, anzanu okangana nawo mitengo aja, asiya za nsomba, akugulitsa mchere ndi sopo panjinga. Amakufunsanibe mwa chizolowezi, kenako n'kugwira pakamwa. Mtengo wa mango wa kumanda kwanu unagwira, mbuzi zinaudya kamodzi koma waphukanso.

Che Amidu omwewo ndi amene anatiombola. Nditaona mmene thumba la mpunga likutsikira, ndinapeza kuti petulo ndi wotchipa kuposa mlendo. Ndinawapatsa ndowa ya mpunga, anakagulitsa kwa Songani, anabwera ndi petulo m'kachigubu ka mafuta ophikira. Ndiye kuti ine mphunzitsi ndathandiza boma pa bajeti yake. Palibe amene adzandivalire tayi pondithokoza.

Lero m'mawa mpamene anamuyeza. Mapepala aakulu aja ojambulapo mwendo akuti anatha, sanagulenso, choncho ndinakadula bango kudambo. Esnati anakhala pamkeka, a Matiki anagoneka bango m'mbali mwa mwendo, kuyambira kuchidendene mpaka m'ntchafu, n'kulemba ndi mpeni pabondo ndi pothera. Apo ndinakumbukira kabudula amene munandigulira ndikuyamba sukulu, wofika m'akatumba, ndikulira, inu n'kumauza wasitolo kuti, "Musiyeni, adzakuliramo." Sindinakuliremo, anang'ambika ndisanafikepo, koma mawuwo ananditsalira. Ndinawauza a Matiki kuti awonjezereko pang'ono, adzakuliramo.

Anakana. Akuti chitsulo si kabudula, chikatalika chimakankha chiuno, mwana amagwa. Ndinawafunsa kuti nanga chifika liti. Anakhala ali chigwirire mpeni, akuyang'ana chitsulo chakale chili pamsomali paja. Kenako anaika zala ziwiri kupitirira pamene analemba, n'kukonzeka kudula.

Esnati sabata yonseyi sanalankhule nawo mlendoyu kupatula moni. Apa anatukula mutu n'kuwauza mwaulemu kuti aikepo chala chachitatu.

Ndinafuna kuseka, koma ndinaona kuti mwanayo sakuseka, a Matiki nawonso ayi. Anaika chala chachitatu, anadula.

Sindikudziwa ngati tachita bwino, Amayi. Chikabwera msanga chidzamugwetsa, chikachedwa kwambiri chidzamuchekanso. Tangoyeza mwendo umene kulibe, wa tsiku limene palibe akulidziwa. Inu mukanadziwa chochita, kapena mukanangopsa mtima n'kukwera basi wa ku Zomba kukakhala pakhomo la ofesi mpaka wina achite manyazi. Ine ndimangodziwa kulankhula.

Anyamuka dzuwa litakwera. Anatsanzika katatu, n'kubwereranso kudzatenga pampu. Mpongozi wanu anawapatsa kathumba ka mpunga monga munkachitira inu, ngakhale nkhope yake sinali ngati yanu. Bango analimanga choimika pakaliyala kuti lisathyoke, ndipo tinaliona likugwedezeka pamwamba pa fumbi mpaka linakhota pamjigo.

Kum'mawa kwayamba kuchita mitambo. Musade nkhawa ndi mayeso aja, adzalemba. Mvula ikagwa chitsulo chisanafike, ndizidzamubereka m'mamawa anzake asanatuluke m'nyumba, azidzamupeza atakhala kale padesiki. Wavomera, bola ndisavale tayi.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani.

Ndine mwana wanu,
Wilisoni