Diraivi Ndaiwongola, Mayina Asowa

Tamale,
14 Disembala 1987.

Okondedwa Achimwene Ayine,

Muli bwanji kumeneko ku Bolgatanga? Kodi chifuwa cha amayi chatsika? Ine ndilipo, kungoti ndatopa, ndipo milomo yang'ambika ndi mphepo yafumbiyi.

Paja ndinakuuzani kuti sukulu inalandira kompyuta imodzi, ndipo a Quaye, aphunzitsi a masamu, amandilola kukhala nayo anzanga akapita kumpira. Ili ndi kabokosi kolowetsamo disiki, timakatcha diraivi. Mwezi watha diraiviyo inakana madisiki a masamu ochokera ku Kumasi. Inkangolira kuti gwe-gwe-gwe, basi.

A Quaye anati ndi fumbi. Ndinapukuta kamutu kowerengera ndi thonje la sipiliti, koma sizinathandize. Ndinayesa liwiro: pagudumu lapansi pali timizere, ndipo likamazungulira bwino pansi pa getsi la chubu timizereto timaoneka ngati taima. Timizereto tinaimadi, kusonyeza kuti liwiro linali bwino. Ndiye tinabwereka disiki yoyesera kwa mmisiri wina m'tauni, n'kupeza kuti kamutu kaja kanapendekera pang'ono. Ndinamasula sikuluwu n'kukawongola. Masamu anatseguka. Tsiku limenelo ahedi anandigwira chanza, anyamata n'kuyamba kunditcha Dokotala.

M'mawa mwake mayi Salamatu, alembi a sukulu, analowetsa disiki ya mayina ndi malikisi a Fomu 5. Inakana. Zonse zimene analemba chaka chino anazilemba kamutu kali kopendekera, ndiye kamutu kowongoka sikapeza njira yake. Ophunzira ake ndi 212, ndipo mndandanda ukufunika ku ofesi ya mayeso pa 8 Januwale. Ukapanda kufika, salemba.

Ndinafunsa za mapepala akale. Mayi Salamatu anayang'ana kudenga. Kani ahedi ananena kuti nthawi ya mapepala inatha, ndiye iwo anawapatsa mayi wogulitsa zitumbuwa za nyemba pageti kuti azikulungira. Mnyamata wina akuti anadyapo malikisi a mnzake, ati anali otsika koma okoma.

Tsopano ntchito yanga ndi kubwezera kupendekera kuja, koma pomasula sindinaike chizindikiro. Ndimasuntha kamutuko pang'ono ngati tsitsi limodzi, kumanga, kuyesa, kumvetsera. Ikakana ndiyambirenso. Lero ndi tsiku la khumi ndi chimodzi. A Fomu 5 amaima pawindo n'kumafunsa ngati Dokotala wamaliza kupha wodwala. Wamtali wina, Iddrisu, wandiuza kuti akapanda kulemba adzandiwongola khosi mmene ndinawongolera makinawo. Akubwereza kalasi, ndipo bambo ake anati aka ndi komaliza.

Dzulo diraivi inawerenga mayina mpaka pa chilembo D, kenako n'kuyambanso kulira. Ndajambula kamzere pamenepo ndi nsonga ya kampasi.

Pempho langa ndi limodzi. Sukulu itsekedwa Lachisanu, koma ine sindibwera pa Khirisimasi. A Quaye andipatsa mphasa kwawo. Mukawauze amayi pakamwa, osawawerengera kalatayi. Muwauze kuti sindikudwala, sanandichotse sukulu, ndipo nkhanga imene andisungira adye. Akalira musawakalipire. Palibe wandikakamiza kutsala. Sikuluwuyo ndinamasula ndine.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu anga, kwa azakhali a ku Zuarungu, ndi kwa mwana wanu amene sindinamuonebe.

Ndine mng'ono wanu,
Akolgo